Mafunso ndi mayankho: kukonzekera kukaphunzira ndi kusewera ku makoleji a ku America

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira a sekondale, makolo ndi aphunzitsi a masewera amafunsa kawirikawiri akamva kuti ku United States kuli makoleji amene amalipirira wophunzira chifukwa cha luso lake pa masewera. Nkhaniyi ndi ya ku America ndipo malamulo ake ndi a kumeneko, koma mayankhowa akuganizira kwambiri wophunzira amene ali ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe, yemwe kochi wa ku America sadzamuona ndi maso pa bwalo la sukulu yake.

Kodi n'zoona kuti munthu angathe kuphunzira ku America chifukwa cha masewera?

N'zoona. Ku America makoleji ndi mayunivesite ali ndi matimu awoawo amene amapikisana m'maligi akuluakulu, ndipo kochi wa timu iliyonse ali ndi udindo wofunafuna osewera atsopano chaka ndi chaka, popeza amene amaliza maphunziro amachoka. Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, yemwe anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la Olimpiki pa dziko lonse mu 2025, ankasambirira yunivesite ya Auburn. Samuel Matete wa ku Zambia, katswiri wa dziko lonse wa mu 1991 pa liwiro la mamita 400 lodumpha zotchinga, anadzeranso pa yunivesite yomweyo.

Komabe mwayiwu ndi wochepa kuposa mmene umamvekera. Mu America momwemo, mwa ophunzira a sekondale pafupifupi 8 miliyoni amene amachita masewera, ndi awiri okha pa 100 alionse amene amapeza sikolashipu ya masewera. Mwa amene afika kale m'matimu a makoleji, osakwana awiri pa 100 alionse ndi amene amadzasewera ngati ntchito yolipidwa. Choncho amene akukonzekera njira imeneyi ayenera kuiona ngati njira yopezera digiri, chifukwa ambiri ndicho chimene amabwera nacho.

NCAA, NAIA ndi NJCAA n'chiyani, nanga zimasiyana bwanji?

Amenewa ndi mabungwe amene amayendetsa masewera a m'makoleji, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake. Lalikulu ndi NCAA, limene linayamba mu 1906 ndipo likulu lake lili ku Indianapolis. Lili ndi sukulu pafupifupi 1,100 zimene kuyambira mu 1973 zinagawidwa m'magawo atatu. Gawo la Division I ndi la mayunivesite amene amaika ndalama zambiri pa masewera, ndipo ndi limene limaoneka pa wailesi yakanema. Gawo la Division II limaperekanso masikolashipu a masewera, ngakhale kuti ambiri mwa iwo amakhala osakwanira fizi yonse. Gawo la Division III, limene lili ndi sukulu zambiri kuposa magawo enawo, silipereka sikolashipu ya masewera ngakhale pang'ono, koma limathandiza ophunzira molingana ndi kukhoza kwawo m'kalasi ndiponso kusowa kwa banja lawo. Mayunivesite 8 a Ivy League, monga Harvard, Yale ndi Princeton, ali mu Division I koma nawonso sapereka sikolashipu ya masewera.

NAIA ndi bungwe la makoleji ang'onoang'ono pafupifupi 250, ndipo malamulo ake olowera ndi ofewerako. NJCAA ndi la makoleji a zaka ziwiri, amene fizi yake ndi yotsika. Ophunzira ambiri amanyoza makoleji a zaka ziwiriwa chifukwa mayina awo ndi osadziwika, koma kwa wochokera kuno nthawi zambiri ndiwo khomo lenileni. Tapiwanashe Makarawu wa ku Zimbabwe, amene anafika m'ndime yomaliza ya liwiro la mamita 200 pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, anayambira pa New Mexico Junior College asanapite ku yunivesite ya Kentucky.

Ndimasewera mpira wamanja. Kodi mwayiwu ukundikhudza?

Funso limeneli limachokera kwa atsikana ambiri a ku Malawi, ndipo yankho lake ndi lowawa: mpira wamanja wa ntchemberembaye suli m'gulu la masewera a NCAA, choncho palibe sikolashipu yake kumeneko, ngakhale mutakhala ndi luso lofika pa timu ya Queens. Nkhonya nazonso mulibe. Masewera amene wophunzira wa kuno angayembekezerepo kanthu ndi mpira wamiyendo, kuthamanga, basketball, volleyball, tenisi, kusambira ndi gofu. Mtsikana wamtali amene ali ndi manja abwino pa ntchemberembaye ndipo akadali mu Fomu 1 kapena Fomu 2 angachite bwino kuyambanso basketball kapena volleyball nthawi ikadalipo.

Atsikana ali ndi mwayi wina umene ambiri saudziwa. Lamulo la Title IX la mu 1972 limaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kukondera pakati pa amuna ndi akazi, ndipo chifukwa cha lamuloli matimu a atsikana a mpira wamiyendo ndi ochuluka kuposa a anyamata. Muzisamalanso polemba makalata: Amereka akati football amatanthauza masewera awo a zipewa zolimba aja, pamene mpira wathu wamiyendo amautchula kuti soccer.

Ndiyenera kuyamba liti kukonzekera?

Mu Fomu 1. Sekondale ya ku America ili ndi zaka zinayi, kuyambira Giredi 9 mpaka Giredi 12, ndipo NCAA imayang'ana zotsatira za zaka zonse zinayi, osati za mayeso omaliza okha. Izi zikutanthauza kuti masukulu lipoti a teremu iliyonse, amene m'mabanja ambiri amasowa m'chikwama kapena kukulungira mandasi, ndi mapepala ofunika kuwasunga bwino pamodzi ndi satifiketi ya JCE ndi ya MSCE. Kukapempha sukulu kuti ilembenso zotsatira za zaka zinayi zapitazo, pamene ahedi anasintha ndipo kaundula anasowa, ndi ntchito imene imachedwetsa ophunzira ambiri mpaka chaka cha maphunziro kuwadutsa.

Mu Fomu 2 muyambe kujambula masewera anu ndi kulemba mndandanda wa sukulu zimene zikugwirizana ndi msinkhu wa luso lanu. Mu Fomu 3 muzilembera makochi ndi kupeza pasipoti. Chaka cha Fomu 4 chikhale chomalizitsa mapepala, osati choyambira. Chaka cha maphunziro ku America chimayamba mu Ogasiti, ndipo makochi ambiri amakhala atamaliza kusankha osewera miyezi yambiri nthawiyo isanakwane.

Ndi maphunziro otani amene amafunika?

Aliyense wofuna kusewera mu Division I kapena Division II ayenera kulembetsa pa intaneti ku ofesi ya NCAA yotchedwa Eligibility Center, imene imaunika zinthu ziwiri: maphunziro ake ndi mbiri yake ya masewera. Pa maphunziro pamafunika makosi 16 a chaka chathunthu m'maphunziro ofunikira. Mu Division I amagawidwa motere: zaka zinayi za Chingerezi, zitatu za masamu, ziwiri za sayansi, chimodzi chowonjezera pa atatu amenewa, ziwiri za maphunziro monga mbiri yakale kapena jogirafe, ndi zina zinayi zowonjezera. Zotsatira zonse amazisandutsa kukhala GPA, muyeso umene pamwamba pake ndi 4.0, ndipo kuti wophunzira asewere m'chaka chake choyamba ayenera kufika 2.3 mu Division I kapena 2.2 mu Division II.

Apa pali msampha umene umagwira ophunzira abwino. Kusiya phunziro la sayansi mu Fomu 3 chifukwa ndi lovuta, kapena kudalira maphunziro a ntchito zamanja okha kuti mapointi a MSCE atsike, kungachititse kuti makosi 16 aja asakwane. Kuvomerezedwa ndi Eligibility Center sikutanthauzanso kuti yunivesite yakulandirani, chifukwa yunivesite iliyonse ili ndi ofesi yake yolandira ophunzira, ndipo kochi sangakulowetseni ngati ofesi imeneyo yakana. Bungwe la NAIA lili ndi ofesi yakeyake younika ophunzira, choncho wofuna sukulu za mabungwe onse awiri amalembetsa kawiri.

Kodi mayeso a SAT akadali ofunika?

NCAA inachotsa SAT ndi ACT, mayeso olowera ku makoleji a ku America, pa zofunika zake mu 2023. Koma mayunivesite ena amawafunabe polandira ophunzira, ndipo zotsatira zabwino zimathandiza kupeza ndalama zowonjezera za maphunziro zimene tizifotokoze m'munsimu pa funso la sikolashipu. Sukulu zambiri zimafunanso umboni wa Chingerezi kudzera m'mayeso a TOEFL, IELTS kapena Duolingo, ngakhale kuti zina zimachotsera wophunzira amene waphunzira m'Chingerezi sekondale yonse. Muzifunsa sukulu iliyonse payokha musanalipire mayeso alionse.

Kochi wa ku America adzandidziwa bwanji ndili kuno?

Sadzakudziwani ngati simudziulula nokha. Njira yake ndi imelo, ndipo maadiresi a makochi amapezeka pa tsamba la masewera la yunivesite iliyonse. Kalata ikhale yaifupi, yolembedwa ndi wophunzira mwini osati kholo, yotchula dzina la kochiyo ndi sukulu yake, chifukwa kalata yooneka kuti yatumizidwa kwa anthu 200 nthawi imodzi siwerengedwa. Munenemo chaka chomaliza sekondale, malo amene mumasewera, msinkhu ndi kulemera kwanu, zotsatira za m'kalasi, matimu amene mwasewera, ndi ulalo wa kanema wanu.

Kanemayo ndiye amene amakuyankhulirani. Akhale wa mphindi zitatu kufikira zisanu, woyamba ndi zimene mumachita bwino kwambiri, wojambulidwa pamalo okwera kuti bwalo lioneke, ndipo pakhale chizindikiro chosonyeza kuti inuyo ndi uti. Foni yabwino yogwiridwa mopingasa ndi yokwanira. Nyimbo ndi zokongoletsa sizithandiza chilichonse, ndipo kanema wa munthu akuseweretsa mpira yekha pabwalo lopanda adani sauza kochi kanthu. Kochi akachita chidwi amapempha masewero athunthu a mphindi 90, kumene amaona zimene mumachita mpira ukakhala kuti suli kwa inu, choncho muzisunga masewero awiri kapena atatu osadulidwa.

Othamanga ndi osambira nkhani yawo ndi ya manambala. Kochi amafuna nthawi yotengedwa ndi makina pa mpikisano wovomerezeka, imene angathe kuitsimikizira yekha, ndipo nthawi yotengedwa ndi wotchi yapamanja pa bwalo la sukulu saikhulupirira kwenikweni. Musanalembe, onani nthawi zimene othamanga a timuyo akupanga, chifukwa zimasindikizidwa poyera, kuti mudziwe ngati mukufanana nawo.

Ndalembera makochi ambiri koma sakuyankha. Kodi ndiye kuti andikana?

Mwina ayi. M'masewera ambiri a Division I, kuphatikizapo mpira wamiyendo ndi kuthamanga, kochi saloledwa kuyamba kukambirana ndi wophunzira za kumutenga lisanafike tsiku la 15 Juni, wophunzirayo atamaliza Giredi 10. Angathe kuwerenga kalata yanu ndi kuonera kanema, koma kuyankha mokukopani n'kuphwanya lamulo. Pa kalendala ya masewera alionse palinso nthawi zimene kochi saloledwa kukumana ndi wophunzira maso ndi maso. Malamulo a Division III, NAIA ndi NJCAA ndi omasukirapo pa nkhani imeneyi.

Ngati tsikulo linadutsa ndipo mwalembanso kawiri kapena katatu popanda yankho, pamenepo ndi bwino kuvomereza kuti mwina mwaloza pamwamba kwambiri, ndipo muwonjezere sukulu za magawo ena pa mndandanda wanu. Kuyambira mu 2018, pamene NCAA inakhazikitsa kaundula wa osewera ofuna kusintha sukulu, makochi ambiri a Division I amakonda kutenga wosewera amene waonetsa kale luso pa koleji ina kusiyana ndi wongochoka kumene ku sekondale.

Kodi sikolashipu imalipira zonse?

Kawirikawiri ayi, ndipo ili ndi funso limene makolo ayenera kulimvetsa bwino asanayambe kulengeza kwa abale. Sikolashipu yathunthu imalipira fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku, koma m'masewera ambiri kochi amakhala ndi thumba limodzi limene amaligawa kwa timu yonse. Kwa zaka zambiri timu ya anyamata ya mpira wamiyendo mu Division I inkaloledwa ndalama zokwanira masikolashipu 9.9 okha, ya atsikana 14, pamene osewera amapitirira 25. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano pa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA, ndipo sukulu zimene zinalowa mu mgwirizanowo zinachotsa malire a masikolashipu n'kuika malire a chiwerengero cha osewera, monga 28 pa mpira wamiyendo. Lamulo likulola kulipirira onse, koma silikakamiza sukulu kutero, ndipo zambiri zilibe ndalama zake.

Pa mayunivesite ena mtengo wa chaka chimodzi umapitirira madola 60,000, choncho ngakhale theka la sikolashipu limasiya ngongole imene banja wamba silingathe. Apa m'pamene kukhoza m'kalasi kumasanduka ndalama, chifukwa wophunzira wanzeru angathe kulandiranso thandizo la maphunziro, ndipo kochi amakonda wosewera wotere popeza samalemetsa thumba lake. Mufunse momveka bwino za tikiti ya ndege, inshuwalansi ya chipatala, ndi kumene mudzakhale pa tchuthi nyumba zogona zikatsekedwa. Dziwaninso kuti gawo la sikolashipu lolipira chakudya ndi malo ogona limadulidwa msonkho kwa ophunzira akunja, nthawi zambiri 14 peresenti.

Ndinasewerapo mu Super League ndipo ndinkalandira kangachepe. Kodi zimenezi zingandilepheretse?

Zingathe. Eligibility Center imafunsa za timu iliyonse imene mwasewera, mgwirizano uliwonse umene munasaina, ndalama zimene munalandira, ndiponso ngati munagwirizanapo ndi ejenti. Ndalama zobwezera zimene mwagwiritsa ntchito, monga thiransipoti, chakudya ndi malo ogona pa ulendo wa timu, nthawi zambiri sizikhala vuto. Malipiro a pamwezi ndi mabonasi opitirira pamenepo ndiwo amene angachititse kuti muonedwe ngati wosewera wolipidwa. Wachinyamata amene ali ndi maganizo a ku America asasaine pepala lililonse la timu asanaliwerenge ndi munthu wodziwa, ndipo azisunga kope lake. Kubisa sikuthandiza, chifukwa mayina a osewera a m'maligi akuluakulu ali pa intaneti, ndipo bodza likaululika chilango chake chimaposa cha cholakwa chenichenicho.

Ndinamaliza Fomu 4 zaka zitatu zapitazo. Kodi ndachedwa?

Kwa Division I mwina mwachedwa. M'masewera ambiri wophunzira amapatsidwa chaka chimodzi chokha choti alowe koleji atamaliza sekondale, ndipo pa tenisi ndi miyezi 6. Akapitiriza kusewera m'mipikisano yokonzedwa nthawi imeneyo itadutsa, chaka chilichonse chimachotsedwa pa zaka zimene akanasewera ku koleji. Kulembetsa maphunziro a tsiku lonse pa yunivesite ina iliyonse, ngakhale ya ku Zomba kapena ku Lusaka, kumayambitsanso kuwerenga zaka zimene munthu amaloledwa kusewera mu Division I, ndipo munthuyo amaonedwa ngati wosamuka kuchokera ku sukulu ina. Amene ali m'gulu limeneli ayang'ane makoleji a zaka ziwiri ndi a NAIA amene tawatchula pa funso lachiwiri. Kuchepetsa zaka zobadwa pa mapepala ndi njira yoononga zonse, popeza tsiku lobadwa liyenera kufanana pa pasipoti, pa masatifiketi ndi pa kaundula wa masewera.

Kochi wandilonjeza malo pa foni. Kodi ndiye kuti zatheka?

Ayi. Lonjezo la pakamwa silimanga kochi kapena wophunzira, ndipo makochi amachotsedwa ntchito kapena kusamukira ku sukulu zina, wolowa m'malo n'kubwera ndi maganizo ake. Chimene chimamanga ndi mgwirizano wolembedwa wa thandizo la ndalama, wochokera ku yunivesite. Kalata yakale yotchedwa National Letter of Intent, imene ambiri amaitchulabe, inathetsedwa mu Division I mu Okutobala 2024, ndipo mgwirizano wolembedwawu ndiwo unalowa m'malo mwake. Mpaka mutausaina ndiponso kulandira kalata ya ofesi yolandira ophunzira, pitirizani kukambirana mwaulemu ndi sukulu zina.

Pali anthu amene akuti tiwalipire kuti atipezere sikolashipu. Kodi tiwakhulupirire?

Makampani othandiza pa ntchitoyi alipo, ndipo ena amagwira ntchito yooneka: kukonza kanema, kulongosola mapepala ndi kulumikizitsa wosewera ndi makochi. Koma palibe amene angatsimikize sikolashipu, chifukwa wosankha ndi kochi, ndipo aliyense wonena kuti malo alipo kale bola mutumize ndalama pa foni lero ndi wofunika kumuthawa. Kochi weniweni sapempha ndalama kwa wosewera, amalemba kuchokera pa imelo ya yunivesite yothera ndi .edu, ndipo dzina lake limapezeka pa tsamba la sukuluyo. Uphungu wodalirika umapezeka ku EducationUSA, nthambi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, imene imagwira ntchito kudzera ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Harare.

Nanga za viza zimayenda bwanji?

Yunivesite ikakulandirani ndipo ikakhutira kuti ndalama za chaka choyamba zilipo, imatumiza fomu ya I-20. Ndi fomu imeneyo mumalipira ndalama ya SEVIS (kaundula wa boma wa ophunzira akunja), mumalemba fomu ya DS-160, kenako mumakaonekera ku ofesi ya kazembe kukapempha viza ya ophunzira yotchedwa F-1. Gawo lililonse la mtengo limene sikolashipu sinalipire liyenera kuoneka m'mapepala a banki a amene akukulipirirani. Kochi alibe mphamvu pa viza. Kuyambira mu 2025 boma la America lakhwimitsa kwambiri malamulo a maviza kwa nzika za mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, choncho funsani ku ofesi ya kazembe mmene zinthu zilili musanawononge ndalama pa mayeso ndi mafomu, ndipo kambiranani ndi kochi ngati malo anu angasungidwe viza ikachedwa.

Tamva kuti osewera a m'makoleji tsopano amalipidwa. Kodi wochokera kunja amalandira nawo?

Kuyambira mu Julaye 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama potsatsa malonda ndi dzina kapena chithunzi chawo, ndipo mgwirizano wa House unalola sukulu iliyonse kugawira osewera ake ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Zambiri mwa ndalamazi zimapita kwa osewera football ya ku America ndi basketball. Kwa wophunzira wakunja pali chopinga china: viza ya F-1 imaletsa ntchito zambiri za kunja kwa sukulu, ndipo kutsatsa malonda muli mu America kungaonedwe ngati ntchito. Musalandire ndalama yotere musanafunse ofesi ya ophunzira akunja pa sukulu yanu.

Ndikavulala kapena kochi akasiya kundiseweretsa, sikolashipu imatha?

Masikolashipu ambiri ndi a chaka chimodzi chimodzi, ndipo sukulu imayenera kukudziwitsani polemba pofika pa 1 Julaye ngati ikupitiriza, kuchepetsa kapena kuthetsa thandizolo. Mkati mwa nthawi ya mgwirizano, NCAA siilola kuti sikolashipu ichotsedwe chifukwa cha kuvulala kapena kusasewera bwino, ndipo wophunzira ali ndi ufulu wokadandaula ku komiti ya yunivesite imene si ya masewera. Chimene chimachotsetsa ambiri ndi kalasi. Wosewera ayenera kukhala ndi makirediti (muyeso wa kuchuluka kwa makosi amene akutenga) osachepera 12 pa semesita ndi kukhoza mokwanira chaka chilichonse, uku akuchita zokonzekera zimene lamulo limati zisapitirire maola 20 pa sabata, osawerengera maulendo a timu ndi nthawi ya kuchipatala. Wolephera m'kalasi amaimitsidwa kusewera, ndipo kwa wakunja kutsika pansi pa makirediti 12 popanda chilolezo kumaikanso viza yake pa chiswe.

Musanasaine, funsani kochi ngati thandizolo ndi la chaka chimodzi kapena la zaka zonse, amene amalipira opaleshoni wosewera akavulala pa masewera a timu, ndiponso ngati sukuluyo ili ndi maphunziro amene inuyo mukufuna. Mayankho ake muwapemphe pa imelo.